Bezi yotha batire chingwe chili chozula: lipoti la ntchito

Chida ndi madandaulo

Chida cha m'lipoti lino ndi gitala ya bezi ya nsambo 5, zoyambira pa B mpaka pa G, ya gulu loyimba la mpingo wina kuno ku Blantyre. Ili ndi ma pickup awiri (timaginito tomva kunjenjemera kwa nsambo) ndi preamp (kachipangizo kokweza mawu m'kati mwa gitala) yoyendera batire limodzi la 9V. Pamwamba pali ma pot 5 (timabatani topotokola): ya voliyumu, ya blend yosakaniza ma pickup awiriwo, ndi ena atatu a bass, mid ndi treble. Jeki yake, pobayira chingwe, ndi yaitali, yotsekeka, ya mtundu wa barrel, yolowera m'mbali mwa gitala n'kutulukira m'chibowo cha mawaya. Mpingo unaigula kwa munthu, ndipo nditangotsegula kumbuyo zinaonekeratu kuti manja ena anali atadutsamo kale.

Anabwera nayo ndi mnyamata amene amaiyimba, limodzi ndi mkulu wosunga chuma cha mpingo. Batire limatha pa sabata ziwiri, nthawi zina osafika n'komwe. Mawu amasasa n'kung'ambika akamenya nsambo ya B kapena ya E mwamphamvu. Pakati pa nyimbo bezi imatha kungoti zii, kenako n'kubwerera ndi kuphulika kwa "thu!" m'masipika. Akamapotokola voliyumu kumamveka kukwekwesa. Anawonjezera kuti kutchalitchi kumamveka kung'ung'udza kosalekeza, koma izi anazitchula ngati chinthu chimene aliyense anachizolowera.

"Amisiri, preamp inapsa iyi," anatero mnyamatayo. "Ingotiuzani mtengo wa yatsopano, tili ndi m'bale ku Johannesburg angatitumizire."

"Achimwene, mukamaliza kuyimba, chingwe mumazula kugitala?"

"Nthawi zonse. Zimenezo anandiuza kalekale."

Mkulu uja anagwedeza mutu. "Bambo, ife mabatire atitopetsa. Anthu ayamba kuganiza kuti mwanayu akukagulitsa."

Mawu amenewa anandikhudza kuposa madandaulo onse aja, chifukwa chida chikavuta, amene amayamba kukayikiridwa ndi woyimba. Ndinafunsa maola amene bezi imalira pa sabata. Kuphatikiza maphunziro a nyimbo ndi mapemphero a Lamlungu, anali pafupifupi maola 8.

Masamu ndisanagwire sikuludiraiva

Batire labwino la alkaline la 9V limasunga mphamvu ya 500 mpaka 600 mAh (mlingo wa magetsi osungidwa m'batire). Ma preamp ambiri a bezi amadya pakati pa theka la mA ndi 2 mA (mA ndi mlingo wa magetsi amene akudutsa). Titenge batire la 550 mAh ndi preamp yodya 1.2 mA: timapeza maola pafupifupi 450. Woyimba maola 8 pa sabata ayenera kutha chaka ndi batire limodzi. Koma maola 450 omwewo, preamp ikamayaka usana ndi usiku, ndi masiku 19 okha. Ndiye batire lotsika mtengo la zinc-carbon, lomwe mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi alkaline, limagwera pa sabata ziwiri zomwe anandiuzazo kapena kucheperapo.

Choncho ndisanatsegule chilichonse ndinali ndi ganizo loti preamp si yopsa ayi. Ndi yamoyo, imadya mlingo wake woyenera, kungoti sizima. Preamp yopsa imene ikudya mopyola muyezo ikanatha batire pa maola oyimba okha, ndipo kuti ithe 550 mAh pa maola 16 ikanafunika kudya 30 mA ndi kuposa. Pamenepo kachipangizo kena pa bolodi kakanamatentha, ndipo mawu sakanakhala abwino ngakhale batire lili latsopano. Mnyamatayo anavomera kuti Lamlungu loyamba la batire latsopano bezi imalira bwinobwino.

Mmene bezi yotere imayakira

Bezi zoyamba, monga Fender Precision ya 1951, zinalibe batire. Mawu ankachoka pa pickup, kudutsa pa pot, n'kupita ku ampulifaya. Kampani ya Alembic ku California, yomwe inayamba mu 1969, ndi imene inatsogola kuika tizipangizo tokweza mawu m'kati mwa gitala, ndipo Music Man StingRay ya 1976 inafalitsa njirayi pa bezi zopangidwa zambirimbiri. Ubwino wake ndi woti mawu amatuluka amphamvu, chingwe chachitali sichiwameza, ndipo woyimba amatha kuwonjezera bass kapena treble, pomwe pa bezi yopanda batire amangotha kuchepetsa.

Pa bezi zambiri zotere palibe switchi yoyatsira. Ntchito imeneyo imagwiridwa ndi jeki. Jeki ya bezi ya batire imakhala ya stereo, ya timiyendo titatu: tip, ring ndi sleeve. Mawu amatulukira pa tip. Earth ya gitala yonse, yomwe ndi njira yobwerera magetsi yolumikiza zitsulo zake, imamangidwa pa sleeve. Waya wakuda wa batire, wa negative, umapita pa ring pawokha, osakhudza china chilichonse. Pulagi wamba ya gitala ndi ya mono, ya tip ndi sleeve basi, ndipo chitsulo chake chachitali chija chikalowa chimakhudza ring ndi sleeve nthawi imodzi. Pamenepo negative ya batire yalumikizana ndi earth, preamp yayaka. Mukazula pulagi, njira yaduka. N'chifukwa chake kusiya chingwe chili chobaya kumatha batire ngakhale ampulifaya ili yozima, komanso n'chifukwa chake chingwe cha stereo nthawi zambiri sichiyatsa bezi yotere.

Kuyeza

Batire lomwe linali m'katimo linali la zinc-carbon, lolembedwa 6F22. Palokha mita yoyezera magetsi inaonetsa 7.1V. Nditalilumikiza ku preamp linatsika kufika 6.2V. Batire liziyezedwa lili pa ntchito, chifukwa lotopa limatha kuonetsa nambala yabwino likakhala lopanda katundu. Kunyambita ndi lilime, komwe ambiri amachita, kumangokuuzani kuti batire silinaferetu.

Ndinaika batire latsopano la alkaline, koma ndinabana mbali imodzi yokha ya kachipewa kake kolumikiza mawaya ku batire, n'kulipotoza kuti mbali inayo ikhale poyera. Pakati pa mutu wa batire ndi kachipewako ndinaikapo mita, ili pa mA. Chingwe chili chobaya, mita inawerenga 1.2 mA. Ndinazula chingwe. Mita inakhalabe pa 1.2 mA.

Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi imodzi, ndipo ndimaona kuti kuyenera kukhala koyamba pa bezi iliyonse yotha mabatire. Nambala yoyenera chingwe chili chozula ndi ziro. Ikakhala yofanana ndi ya chingwe chobaya, jeki sikuzimitsa. Ikakhala yaing'ono koma yosafika pa ziro, pali dzimbiri, mchere wa thukuta kapena madzi a batire amene akudutsitsa magetsi pang'onopang'ono pakati pa timiyendo ta jeki.

Ndinkayembekezera kupeza chimene chimapezeka kawirikawiri: jeki ya mono yoikidwa m'malo mwa ya stereo, mawaya akuda onse awiri atawotcherera pa kamwendo kamodzi. Koma jeki inali ya stereo ndithu, yooneka yatsopano, timiyendo titatu, waya uliwonse pa kamwendo kake, mtovu wosalala bwino. Poyang'ana ndi maso panalibe cholakwika.

Ndinasiya mita ili pomwepo n'kuyamba kumasula nati yogwira jeki m'kati mwa chibowo. Nati itangochoka pakhoma la chibowocho, mita inagwa pa ziro. Ndinaikankhiranso ndi chala, 1.2 mA inabwerera. Ndinaisiya, ziro.

Chibowo cha mawaya pa bezi imeneyi chinapakidwa penti yakuda yodutsa magetsi, yomwe ntchito yake ndi kutchinga phokoso lochokera kunja. Penti imeneyo imakhudzana ndi matupi a ma pot, choncho ndi mbali ya earth. Nditabaya pulagi ya stereo yotsegula m'jekimo n'kuyeza kamwendo kalikonse, zinadziwika kuti mawaya awiri akuda anasinthanitsidwa. Negative ya batire inali pa sleeve, earth ya gitala inali pa ring. Pa jeki ya barrel, sleeve ndi thupi lonse la jeki pamodzi ndi nati yake. Ndiye magetsi ankachoka pa negative, kulowa m'thupi la jeki, kudutsa pa nati, kuyenda m'penti, kukafika pa ma pot. Pakati pa nati ndi kumbuyo kwa pot ya voliyumu ndinayeza ma ohm (mlingo wa kutchinga magetsi) pafupifupi 60. Kwa preamp yodya 1.2 mA, ma ohm 60 ndi njira yotseguka, chifukwa amangochotsa 0.07V basi.

Amene anaika jekiyo sindimunyoza. Mawaya onse awiri ndi akuda, ofanana kunenepa, ndipo timiyendo ta jeki za barrel sitikhala m'dongosolo limodzi pa jeki zonse. Choipa kwambiri n'choti ntchito yolakwikayo imapambana mayeso wamba. Mukabaya chingwe, ring ndi sleeve zimalumikizana monga mwa nthawi zonse, bezi imalira bwino, kasitomala amalipira n'kupita. Vuto limaonekera patatha sabata ziwiri, pamene palibenso amene akukumbukira za jeki. Pa gitala ya chibowo chopanda penti, kusinthanitsa komweku sikukanatha batire n'komwe. Njira yodzitetezera ndi kusadalira maso kapena chikumbumtima: kubaya pulagi ya stereo, kuyeza kuti kamwendo aka ndi ka ring kapena ka sleeve, ndipo pomaliza kuyeza mA chingwe chili chozula.

Ndinabwezera mawaya m'malo mwake, n'kuveka kachubu kofiira pa waya wa batire kuti wobwera pambuyo panga asasokonezeke. Nati ili yomanga, chingwe chozula: ziro. Chobaya: 1.2 mA.

Kuduka kwa mawu ndi kuphulika

Vuto lachiwiri linabadwa kuchokera ku loyamba. Kachipewa ka batire la 9V pa bezi yotere kamangofunika kubanidwa ndi kubanulidwa kamodzi kapena kawiri pa chaka. Aka kankakokedwa kawiri kapena katatu pa mwezi, nthawi zambiri mothamanga, mapemphero atatsala pang'ono kuyamba.

Ndinalumikiza bezi ku ampulifaya yaing'ono, voliyumu ili pansi, mita ili pa mawaya olowetsa magetsi pa bolodi ya preamp. Ndi cholembera chapulasitiki ndinayamba kugogoda ndi kukankha waya uliwonse. Ma pot, bolodi ndi mawaya a ma pickup sizinasinthe kanthu. Nditakhudza waya wofiira pomwe umalowera m'kachipewa, mita inadumpha kuchoka pa 9.4V kupita pa ziro n'kubwerera, ndipo sipika inati "thu!" Nditang'amba pulasitiki ya kachipewako ndinapeza timawaya tam'kati titaduka, kutatsala tiwiri tokha, nato titachita dzimbiri lobiriwira. Pa timabatani take panali ufa woyera, chizindikiro choti batire lina linadonthera momwemo.

Kuphulikako kuli ndi chifukwa chake. Preamp ya batire limodzi imaimika mawu pakatikati pa mphamvu ya batire, pa 4.5V, kuti athe kukwera ndi kutsika mofanana. Magetsi akaduka n'kubwerera mwadzidzidzi, malo apakatiwo amagwa n'kudumphanso, ndipo kudumphako kumatuluka pa jeki ngati mawu amphamvu kuposa amene nsambo ingatulutse. Ampulifaya imawakweza monga imakwezera china chilichonse. Masipika a tchalitchi akhoza kuonongeka ndi zimenezi.

Kachipewa kodyeka chonchi sindikatsuka, ndimasintha. Ndinaika kolimba, ka pulasitiki yokhuthala, ndipo waya wake ndinaumangirira kukhoma la chibowo kuti akamakoka batire, mphamvu isamafike polumikizira. Ndinapukuta m'kachipinda ka batire ndi sipiriti, n'kuikamo kasiponji kuti batire lisamagubuduke.

Kusasa kwa mawu pa B ndi E

Apa ndinafuna kuti mnyamata uja aone ndi maso, chifukwa iye ankakhulupirira kuti ma pickup nawo atopa. Poyamba ndinachotsa preamp panjira: ndinatenga waya wochokera pa blend n'kuulumikiza ku chingwe mwachindunji ndi timawaya tokhala ndi zopanira. Ma pickup onse awiri analira bwino, opanda kusasa. Pa mita, ya kukhosi inaonetsa ma ohm 8.6k, ya ku bridge (chitsulo chogwira nsambo kumunsi) 8.9k, zomwe zikusonyeza kuti mawaya am'kati ndi amphumphu. Kuyeza kotere kumatheka chifukwa ma pickup awa ndi wamba, batire limangodyetsa preamp. Pali ma pickup ena, monga ambiri a EMG, omwe ali ndi preamp m'kati mwawo ndipo amakhala ndi waya wofiira wa magetsi. Amenewo mita ya ma ohm sikuuzani kanthu, ndipo popanda batire salira.

Kenako ndinabwezera preamp, koma m'malo mwa batire ndinaidyetsa ndi makina a pabenchi otha kutsitsa ndi kukweza ma volt. Ndinamupempha mnyamatayo kuti ayimbe mmene amayimbira kutchalitchi. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kupotokola pot ya bass mpaka kumapeto. Pa 9V mawu anali oyera. Ndinatsitsa pang'onopang'ono. Pafupi ndi 7.4V, B wosagwira anayamba kusasa pomenya. Pa 6.2V, pomwe batire lake lija linali, ngakhale E ankang'ambika. Titabweza pot ya bass pakati, pomwe imagwira kadzenje, kusasako kunatheratu pa 7.4V ndipo kunangotsala pang'ono pa 6.2V.

Zimatero chifukwa op-amp wamba (kachipangizo kokweza mawu pa bolodi ya preamp), monga TL062 imene imapezeka m'ma preamp ambiri otere, siingatulutse mawu ofika kumalire enieni a batire. Imasiya pafupifupi 1.5V kumwamba ndi kumunsi. Pa 9V mawu ali ndi malo a 3V mbali iliyonse. Pa 6V malowo atsala 1.5V. Pot ya bass yokweza ndi 12 dB imachulukitsa mawu apansi kanayi. Pickup ikatulutsa theka la volt pomenya mwamphamvu, preamp ikufunika kutulutsa 2V. Pa batire latsopano zimakwana. Pa batire lotopa nsonga za mawu zimadulidwa, ngati munthu wamtali woyenda m'nyumba ya denga lotsika. Nsambo ya B, yomwe imanjenjemera ka 31 pa sekondi, ndi ya E, ka 41, ndi zomwe zimanyamula mphamvu yambiri komanso zimene pot ya bass imakweza kwambiri, choncho ndi zomwe zimayamba kusasa.

Mnyamatayo anafunsa za kuika mabatire awiri kuti ikhale 18V, poti anamva kuti zimathandiza. Zimathandizadi pa ma preamp opangidwa kuti alandire 18V. Pa bolodi iyi pali ma kapasita (tizipangizo tosunga magetsi pang'ono) olembedwa 16V, osayenera 18V, ndiye ndinakana. Ndinamuuza kuti bass yambiri aziitenga pa ampulifaya, pomwe pali magetsi ochuluka, ndipo pot ya pagitala izikhala pafupi ndi pakati.

Kukwekwesa kwa voliyumu

Ma pot awiri ankakwekwesa, ya blend ndi ya voliyumu. Onse ndinawathira mankhwala otsukira ma pot n'kuwapotokola kambirimbiri. Ya blend inakhala chete. Ya voliyumu sinasinthe ngakhale pang'ono.

Pot ikatsukidwa koma n'kumakwekwesabe mofanana paliponse pomwe mwaipotokolera, ndimayamba kukayikira DC, magetsi osasinthasintha ochokera ku batire. Pa bezi iyi voliyumu ili pambuyo pa preamp, ndi ya 50k, ndipo pakati pa op-amp ndi pot pali kapasita ya 10 µF imene ntchito yake ndi kutsekereza 4.5V ija kuti mawu okha adutse. Pa timiyendo ta pot payenera kukhala ziro, kapena ma mV ochepa. Ndinayeza 0.18V, ndipo nambalayo sinkatsika ngakhale nditadikira. Kapasita inali itayamba kudontha. Ma kapasita a electrolytic amauma ndi kukalamba, makamaka pa kutentha, ndipo bezi iyi imasungidwa m'kachipinda ka malata kumbuyo kwa tchalitchi, komwe mu Okutobala munthu sangakhalemo.

Ndinaika ina ya 10 µF, ya 25V, mwendo wa positive kuyang'ana ku op-amp. DC inatsika kufika pa 2 mV, kukwekwesa kunatha, ndipo pot yakaleyo inatsala momwemo. Kusintha pot kukanangotaya ndalama, chifukwa yatsopanoyo ikanayamba kukwekwesa tsiku lomwelo. Pa malo amenewa musaike kapasita yaing'ono poti ndi imene ili pafupi. Ya 0.1 µF, bezi ikalowa mu mikisa ya 10k, imayamba kudula mawu onse a pansi pa 160 Hz, ndipo B ndi E amatsala opanda thupi.

Kung'ung'udza kwa kutchalitchi

Pabenchi panga bezi inali chete. Panali kaphokoso kakang'ono komwe kankatha ndikagwira nsambo, ndipo zimenezo n'zoyenera: zikusonyeza kuti waya wochoka pa bridge kupita ku earth ndi wolumikizika. Ndiye kung'ung'udza kuja kunali kwa kutchalitchi, osati kwa gitala. Ndinapita pa tsiku la maphunziro a nyimbo.

Ampulifaya ya bezi inali pa extension yopangidwa pamanja ndi waya wa mitsempha iwiri, wopanda earth. Mikisa inali pa soketi ina, ya earth yabwino. Nditafunsa, mtsikana wina woyimba anati akagwira bezi kwinaku milomo ili pa maikolofoni, imamunyerenyetsa. Onse ankaseka pofotokoza. Ine ndinawapempha kuti azimitse kaye.

Magetsi athu ndi a 230V, 50 Hz, ndipo pulagi ya mano atatu ili ndi dzino lalitali lija pa chifukwa. Ampulifaya yachitsulo ikasowa earth, ma kapasita osefa phokoso olowera magetsi amatha kukweza thupi lake lonse kufika pa ma volt oposa 100. Mphamvu yake imakhala yochepa, n'chifukwa chake imangonyerenyetsa. Koma tsiku limene china chake chidzaonongeke m'kati, n'kukhudzitsa waya wamoto ku chitsulo, fyuzi siidzapsa chifukwa palibe njira yopita pansi. Nsambo za bezi n'zolumikizana ndi thupi la ampulifaya kudzera m'chingwe. Njira yopita pansi idzakhala woyimbayo, kudzera m'manja ndi pamilomo. Mu 1972, woyimba gitala wa ku Scotland, Les Harvey, anafa pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni imene inalibe earth yabwino. Batire la 9V la m'gitala silingavulaze munthu, ndipo preamp siteteza munthu ku ngozi imeneyi.

"Bambo," ndinauza mkulu uja, "ndalama imene mumafuna kugulira preamp, gulani extension ya mitsempha itatu, muitanenso wa magetsi adzayeze earth ya masoketi onse a kutsogoloku. Extension ya mitsempha iwiriyi isagwirenso ntchito ngakhale lero."

Tinabwereka extension yabwino n'kuika ampulifaya ndi mikisa pa soketi imodzi. Kunyerenyetsa kunatha ndipo kung'ung'udza kunachepa kwambiri. Kotsalako kunachoka titadutsitsa bezi pa DI box, kabokosi kolumikiza gitala ku mikisa, n'kusindikiza batani la ground lift. Batani limenelo limadula earth ya mawu yokha, pa pini 1 ya chingwe cha XLR, ndipo silikhudza earth yoteteza moyo. Kuthyola dzino la earth pa pulagi kuti phokoso lithe, kapena kukankha pulagi ya mano awiri m'soketi ndi kamtengo, ndi zinthu zimene ndimaziona m'matchalitchi ndi m'maholo ambiri, makamaka pomwe jenereta yalowa m'malo mwa magetsi. Ndimaletsa paliponse pomwe ndazipeza.

Za mabatire

Zolemba pa batire zimanena mtundu wake. 6LR61 kapena 6LF22 ndi alkaline. 6F22 ndi zinc-carbon, ngakhale litalembedwa Heavy Duty ndi zilembo zazikulu. La zinc-carbon limagwa ma volt msanga ndipo limakonda kudontha likatha, ndiye pa bezi ndimalangiza alkaline. Mabatire otchaja a NiMH ambiri ndi a 8.4V, ena 7.2V, kutanthauza kuti a 7.2V amakhala pafupi ndi pomwe bezi iyi imayamba kusasa. Aja a lithium otchajira pa USB, ena mwa iwo ali ndi kachipangizo kokweza ma volt m'kati, komwe kamatha kulowetsa kulira kwa "tswii" m'mawu, ndipo akatha amangoduka osachenjeza. Amene akufuna kugwiritsa ntchito otere ayambe wayesa pa ampulifaya voliyumu ili m'mwamba, asanapite nawo pagulu.

Bezi iyi ilibe switchi yolambalala preamp, choncho batire likafa, yafa. Ndinawauza kuti m'chikwama chake muzikhala batire lina losatsegula, lokutidwa kuti mitu yake isakhudze makiyi kapena ndalama zachitsulo, ndipo tsiku loika batire azililemba pa batirepo. Lizisinthidwa likafika pa 7.5V lili pa ntchito, osadikira kuti mawu ayambe kusasa.

Zimene zinasinthidwa ndi zotsala

Zinthu zatsopano zimene zinalowa m'gitalayi ndi kachipewa ka batire, kapasita imodzi ndi batire. Jeki, preamp, ma pickup ndi ma pot onse ndi akale omwe aja. Ndinapempha mkulu uja kuti akafotokozere komiti ya mpingo chomwe chinkatha mabatire, kuti dzina la mnyamatayo liyere, ndipo ndinawalembera pa pepala nambala za mita, za poyamba ndi za pambuyo pokonza.

Patapita miyezi ingapo bezi inabweranso kuti ndidzaisinthe nsambo. Batire linali lomwe lija, likuonetsa 8.9V lili pa ntchito, ndipo chingwe chili chozula mita inali pa ziro. DC pa voliyumu inali ikadali pa ma mV ochepa. Pot ya blend yayambanso kukwekwesa pafupi ndi pakati, pomwe imakhala nthawi zambiri, ndipo ulendo uno kutsuka kwangothandiza pang'ono, kusonyeza kuti kanjira kake kam'kati kadyeka. Imeneyo ndi pot ya zipinda ziwiri yokhala ndi kadzenje pakati, ndipo yolowa m'malo mwake iyenera kufanana nayo ma ohm ndi kapotokoledwe, apo ayi mawu adzatsika ma pickup onse awiri akatsegulidwa pamodzi. Ndawapatsa nambala zolembedwa pa thupi lake kuti m'bale wawo wa ku Johannesburg akaifune, ndipo ikafika ndidzaiika.